Bokosi Lopanda Mfuti

Chester atatsegula bokosi lija, munali chinkhupule chakuda chokhachokha, chitalowa m'kati pamalo pamene mfuti imagona. Mfutiyo munalibe.

Mkuluyo sanakuwe ayi. Analitseka pang'onopang'ono, nalitsegulanso, kenaka anayang'ana Tusekele pamwamba pa magalasi ake. Anali mzungu wa imvi mutu wonse, woyang'anira mipikisano ya mfuti za m'manja pabwalo limeneli, kunja kwa mzinda wa Indianapolis, pakati pa minda ya chimanga. Anthu ankati palibe amene anamuonapo atakwiya, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunamuopsa Tusekele.

"Mfuti imeneyi ndinaibwereketsa kwa mlendo wako chifukwa cha iwe," anatero Chester m'Chingerezi chake chotafuna mawu. "Unandiuza kuti ndi anthu abwino."

"Ndi anthu abwinodi," anayankha Tusekele.

Tusekele anali namwino pachipatala china pakati pa mzindawo. Masewerawa anawayamba chaka chatha, munthu wina atamutsatira pamalo oimika galimoto akuweruka kuntchito. Anabwera ndi mantha, koma anakhalitsa chifukwa anawakonda. Kamakina kakalira kuti piii, umasolola mfuti m'chimake pansi pa jekete, n'kubisala kuseri kwa khoma lamatabwa, n'kumawombera zandamale za makatoni zodulidwa ngati anthu. Wopambana ndi amene walasa bwino m'nthawi yochepa. Anali atakamba za masewerawa kutchalitchi mpaka anthu kutopa naye, ndipo Loweruka limeneli, kwa nthawi yoyamba, Amalawi anzake anavomera kubwera. Tsopano taonani zimene zachitika.

"Mfuti ikasowa, ndimauza apolisi tsiku lomwelo," anapitiriza Chester. "Akandifunsa amene ndamuona akuchoka mpikisano usanathe, atanyamula katundu, sindinama. Ndi mtsikana uja wovala diresi lachikasu."

Tusekele anagwira tebulo. Wa diresi lachikasuyo anali Upile, mng'ono wake, wophunzira ku yunivesite ku South Bend. Upile sanabwerere mpikisano. Anangodutsa kudzatsanzika, popeza madzulo a tsiku lomwelo ankakwera ndege yopita kumudzi kukachita chinkhoswe chake. Anali m'dziko lino pa viza ya sukulu, ndipo Tusekele anali atamuchenjeza kuti asakhudze ngakhale chipolopolo chimodzi. Dzina lake litangolembedwa kupolisi pa nkhani ya mfuti yobedwa, sukulu ikanathera pomwepo, ndipo chipata cha dziko lino sichikanamutsegukiranso.

"Ndipatseni kanthawi," anachonderera. "Ndifunse anthu anga."

Chester analoza zandamale zachitsulo zimene zinali zikadali chiimire patsogolo pa mulu wa dothi.

"Ndikamaliza kukweza izo m'lole, ndiimba."

*

Anayamba waimbira Upile. Foni inkangonena kuti mwini wake ali pa mzere wina. Ndithu anali akucheza ndi Yohane, bwenzi lake la ku Zomba. Awiriwo akayamba sankamaliza.

Eugene anamupeza atakhala pa tayala lakale kuseri kwa shedi, mutu uli m'manja. Iyeyu ndiye anabwereka mfutiyo. Ankagwira ntchito yoyeza magazi ku South Bend, ndipo anali atadzuka m'bandakucha kuti adzaperekeze Upile mpaka kuno n'kuyesako masewera amene ankangowamva.

"Asisi, ine Mulungu ndi mboni," anayamba asanafunsidwe. "Ine kwathu sindinabepo ngakhale nzimbe. Mundifufuze. Galimoto ndi iyo, makiyi ndi awa, tengani."

"Sindinanene kuti mwaba, achimwene. Tandiuzeni kuyambira pamene anakuimitsani."

Eugene anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Inu munaona. Gawo loyamba ndinachita bwino, mpaka mzungu wina anandimenya paphewa. Gawo lachiwiri, kamakina katalira, miyendo inayamba kuyenda yokha. Pothamangira ku khoma lachiwiri ndinatembenuka, mfuti n'kuloza chakumbali, kupitirira mzere uja munatiphunzitsa m'mawa. Ndinangomva mdala uja akukuwa kuti imani! Basi, andidisikwalifaya, kundichotsa mumpikisano. Pamaso pa anthu onse, ine bambo wa ana awiri."

"Zimachitikira aliyense. Kenako?"

"Anandiperekeza ku tebulo lija lokhalo limene amalola kugwirirapo mfuti. Ndinaitulutsa m'chimake, ilibe kanthu, iye akuona. Ndinaiika m'bokosi, iye akuona. Bokosilo ndinakaliika pa benchi mu shedi, pamodzi ndi zikwama zathu. Kuyambira apo sindinabwererekonso."

"Munali kuti?"

"Kumata! Si munati munthu akakuchotsa usamathawe, uzitsala n'kumathandiza? Ndiye aliyense akamaliza kuwombera, ine ndinali woyamba kuthamangira kukamata mabowo a zipolopolo pa zandamale. Funsani aliyense. Ndinamata mpaka tepi yathu yakhaki ija inasowa, ndinachita kukapempha ina kwa gulu lina."

"Inatha?"

"Sinathe ayi, inasowa. Mkombero wonse, watsopano. Tinatenga umodzi, wina tinausiya pa benchi; pokautenga, palibe."

Tusekele anasunga zimenezo mumtima.

"Nanga pamene inu munkamata, ndani anali pafupi ndi zikwama?"

"Palibe," anayankha Eugene mosazengereza. "Tonse tinali kutsogolo. Palibe ndithu."

Kumbali ina chitsulo chinalira gwengwe! Chester anali atagwetsa chandamale choyamba ndipo ankachikokera ku lole.

*

Bambo Dixon Nyirongo anali atakhala pa mpando wopinda, chipewa chili pa bondo, akumwa madzi pang'onopang'ono. Ku Indianapolis kunalibe Mmalawi amene sanagonepo m'nyumba yawo ya ku Speedway. Tusekele yemwe, atangofika m'dziko lino osadziwa ngakhale kukwera basi, anamulandira ndi iwo, ndipo jekete yake yoyamba ya nyengo yozizira anamugulira ndi iwo. Aliyense ankangowatcha ankolo. Lero sanawombere, anati abwera kudzachemerera achinyamatawo, amene ankawatcha ana awo.

Tusekele anagwada bondo limodzi pambali pa mpandowo.

"Ankolo, pepani kukuvutitsani. Mwina maso a akuluakulu aona zimene ife taphonya."

"Mwana wanga, nkhani imeneyi yandidwalitsa mutu," anatero bambo Nyirongo ndi mawu awo ofatsa a pa guwa. "Koma iwe ukufuna wakuba pakati pa abale ako chifukwa chiyani? Pano pali azungu angati? Ndinaona anyamata awiri a ndevu, a gulu linalo, akudutsa apa kawirikawiri. Maso awo sanandisangalatse."

"Anafika pa benchi?"

"Ine ndi maso okalamba, sindingalumbire."

"Nanga Upile? Chester akuti anamuona akuchoka ndi katundu."

"Aa, mwana wosalakwa ameneyo musiyeni ayende ulendo wake. Katunduyo si timaphukusi ta anthu topita kumudzi? Ine langa ndinakusiyira kunyumba kwako Lachinayi, suti ija ya mng'ono wanga. Osamusokoneza mwana ndi mafoni, ali ndi zambiri m'mutu."

"Chester akufuna kuimbira apolisi pompano."

Apa bambo Nyirongo anaika botolo pansi.

"Ndiye kulakwitsa kwake kumeneko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamuuze mnzakoyo adikire. Adikire mpaka mawa, kapena ngakhale mpaka dzuwa lilowe. Chinthu chikasowa masana chimapezeka madzulo. Amakumvera iwe; kamunyengerere."

Tusekele anathokoza n'kuimirira. Mawuwo anali anzeru, monga mwa masiku onse. Koma akuyenda, mawu amodzi anamukayikitsa. N'chifukwa chiyani dzuwa likalowa? Kodi dzuwa likalowa chisinthe n'chiyani?

Anaimbiranso Upile. Mzere unali ukadali wotanganidwa.

*

Magdalene, namwino mnzake wa wodi imodzi, anali akudzijambula pafupi ndi galimoto yake, zotseka m'makutu zili pakhosi ngati mkanda. Iye tsikuli linamuyendera bwino, ndipo ngakhale mfuti itasowa, chimwemwe chinkamuvuta kubisa.

"Tuse, wandiona koma? Gawo lomaliza lija sindinamise ngakhale kamodzi! Mzungu wa mimba uja ndinamubita, wamva? Ndamutumizira kale mwamuna wanga Mervin kavidiyo, akuti kuyambira lero mbale azitsuka yekha."

"Magi, tandimvera. Zinthu zafika pa mwana wakana phala. Chester akuganizira Upile."

Kumwetulira kunazima.

"Upile? Wapenga mdala ameneyu? Mwanayo sanalowe n'komwe mu shedi! Anaima pa geti paja, zala zili m'makutu, akunjenjemera mfuti ikalira. Ine ndinachita kumutsatira komweko kukamupatsa kaphukusi kanga. Mawigi awiri a achemwali anga ndi mavitamini a mayi, basi. Ndinamuuza kuti akadilope ku Chilomoni, asakapatse mlamu wanga, ameneyo n'kugulitsa."

"Analandira za ndani zina?"

"Za Eugene zinali kale m'takisi imene inadzamutenga kupita ku eyapoti. Zanga. Ndi kabokosi ka nsapato kaja."

"Kabokosi kati?"

"Ka ankolo, iwe! Sunaone nsapato zoyera mbee avala lero ngati akupita kukathamanga? Ndinawaseka m'mawa, akuti agula dzulo, bokosi likadali m'galimoto. Ndiye nthawi ija iwe unkawombera gawo lachitatu, ndinawaona akupita nako ku geti, atakamata tepi mbali zonse ngati muli golide. Upile anakalandira ndi manja awiri, mpaka anati, eee ankolo, mwaikamo miyala? Iwo n'kuseka, akuti ndi zitsulo za njinga ya moto za mng'ono wawo."

Tusekele anamugwira mkono.

"Tepiyo inali yamtundu wanji?"

"Yakhaki, ngati yomatira ija." Magdalene anaima pakamwa pali yasa. "Tuse... ayi. Usaganize zimenezo. Ndi ankolo amenewo."

"Ndikufunse funso limodzi. Pamene tinkapita kukamata zandamale, ndani ankatsala pafupi ndi zikwama?"

"Palibe."

"Ankolo anali kuti?"

"Ankolo anali pa mthunzi, mu shedi, si paja tinawaletsa kuti..."

Magdalene anatembenuka kuyang'ana ku shedi.

Tusekele anakumbukira bwino lomwe. M'mawa, pofotokoza malamulo kwa atsopano, Chester ananena kuti pabwalo lino aliyense amamata ndipo aliyense amatola makoko a zipolopolo, wowombera ndi woonerera yemwe. Palibe wotsala kumbuyo. Bambo Nyirongo ataimirira kuti atsatire gulu, Amalawi onse anakuwa pamodzi: ayi ankolo, khalani, ife tilipo! Munthu wa msinkhu wa bambo ako angawerame kutola zinyalala iwe ukuona? Ndipo amene anapita kukapempha Chester kuti awakhululukire lamulolo anali Tusekele yemwe. Tsiku lonse mkuluyo anakhala yekha ndi zikwama, misana ya anthu onse itamulozera. Ndipo aliyense amene anafunsidwa ankati palibe, osati ponama, koma chifukwa pofufuza wakuba palibe mwana wolera bwino amene amawerengera wamkulu.

Dzuwa likalowa, ndege ya Upile ikhala itanyamuka.

Anatembenuka. Mpando wopinda uja unalibe munthu.

*

Anawapeza pamalo oimika galimoto, atatsegula kale chitseko. Tusekele anathamanga nagwira chitsekocho ndi dzanja lake. Moyo wake wonse anali asanatsekerezepo njira munthu wamkulu.

"Ankolo, mukuchoka osatsanzika?"

"Shuga wanditsika, mwana wanga. Ndikapume."

"Munati phukusi lanu ndi suti ija yokha."

"Eya."

"Nanga kabokosi ka nsapato?"

Pa mpando wakumbuyo, pambali pa Baibulo lawo, panali mkombero wa tepi yakhaki, utatsala pang'ono kutha. Tusekele anauyang'ana, iwonso anauyang'ana.

"Iwe ndi mwana amene ndinakudyetsa m'nyumba mwanga," anatero motsitsa mawu. "Lero ukundiimika ngati wapolisi?"

"Munandidyetsadi, ndipo sindidzaiwala. Koma Upile ali pa eyapoti. M'kabokosimo muli chiyani?"

Mkuluyo anakhala pa mpando wa galimoto, miyendo ili kunja. Nsapato zoyera zija zinali zitadetsedwa ndi fumbi.

"Unaona zithunzi za Akuzike," anatero. "Tinazipempherera tonse kutchalitchi. Mng'ono wanga, mmodzi yekha wotsala. Anamulowera kachitatu m'golosale mwake. Ulendo womalizawu anamudula zala ndi chikwanje, mkazi wake akuona. Amandiimbira foni akulira ngati mwana: achimwene, muli kudziko la mfuti, mukungondisiya ndife? Ndimuyankhe chiyani? Kugula sindingathe, mapepala anga ukuwadziwa mmene alili. Lero ndinaona kabokosi kali pambali panga, palibe wondiona. Ndinati Mulungu wayankha."

"Mulungu sanayankhe ndi moyo wa Upile."

"Sachitidwa kanthu! Mwana wamkazi, wasukulu, nkhope yofatsa, ndani angamufufuze? Ndaikulunga bwinobwino m'pepala lonyezimira lija lophikira, ndaikamo ndi masipanala. Makina awo aona zitsulo basi."

"Ankolo!" anakuwa Tusekele. "Makina amenewo amaona ngakhale singano. Sakafunsa kuti anakupatsa ndani. Akamumanga iye."

Nkhope ya bambo Nyirongo inasintha. Zinkaoneka kuti mpaka nthawi imeneyo anali atakhulupiriradi bodza limene anadziuza okha.

"Ndiye muimbire," anatero mwachangu. "Muuze akaponye m'bini. Mfutiyo ndimulipira mzunguyo. Tikambirane ngati anthu a kumudzi kumodzi, zisafike kwa apolisi. Akandigwira ine andithamangitsa m'dziko lino, ana anga atsala ndi ndani?"

"Pa eyapoti pali makamera ponseponse. Amuone Upile akutaya mfuti m'bini? Ndiye kumukumbira dzenje lakuya koposa."

"Nanga ukufuna nditani?"

"Mukwere galimoto. Apolisi amve kwa ife asanapeze okha, ndipo amve kwa inu kuti wamanga phukusi ndani."

Sanadikire yankho. Anazula makiyi pachitseko, nawaika m'thumba mwake, nakuwa ndi mawu onse: "Chester!"

*

Chester anamvetsera osaphethira. Atamva zonse anangofunsa dzina lonse la Upile ndi kampani ya ndege, nasiya zitsulo zake pomwepo. Anakwera galimoto ya Tusekele kutsogolo, foni ili kukhutu, akulankhula ndi apolisi a pabwalo la ndege mwachifatse ngati akuitanitsa chakudya. Bambo Nyirongo anakhala kumbuyo, Eugene pambali pawo, ndipo palibe amene ankayang'ana mnzake.

Msewu waukulu wozungulira mzinda unali wodzaza ndi malole. Tusekele anaika foni yake pa sipika naimbanso. Wotanganidwa. Anaimbanso. Wotanganidwa.

"Dula foniyo, mwana iwe," ankanong'ona. "Chonde dula."

Ulendo wina foniyo inalira, ndipo mawu a Upile anadzaza m'galimoto, osangalala, opuma mwabefu.

"Asisi! Mwandisowa kale? Ndinali ndi Yohane, akuti azakhali ake akufuna nkhuku ya chinkhoswe ikhale yamoyo, mukumva? Koma ine pano ndili pa mavuto. Masutikesi apitirira kulemera, mayi wa pa kauntala wandibweza. Ndagwada pansi pano ngati wogulitsa kaunjika, ndikupakiranso."

"Upile, masutikesi sanalowe?"

"Ayi, si ndi zimene ndikunenazi. Vuto ndi kabokosi ka ankolo, n'kolemera ngati njerwa. Ndakatulutsa. Ndikuganiza ndingokaika m'chikwama cha m'manja, ndilowe nako m'ndege."

Eugene anabuula. Galimoto inapendekera pang'ono, ndipo Chester anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi.

"Usayerekeze!" anakuwa Tusekele. "Ndimvere bwino. Kaike pansi. Usakatsegule. Usakataye. Usachokepo. Khala pansi pomwepo, manja akhale pa mawondo poonekera. Kukubwera apolisi, tawaitana ndi ife. Akafika usathawe, usalire, uwauze kuti mchemwali wako ali m'njira."

"Apolisi? Asisi, mukundiopseza. Muli chiyani m'menemu?"

"Mfuti."

Pa foni, kumbuyo kwa Upile, kunkamveka mawu a mayi wina akulengeza za ndege.

"Koma ndi ka ankolo," anatero Upile ndi mawu aang'ono. "Nanga ndege?"

"Ndege ipite."

"Asisi, akubwera. Ndi awiri. Asisi..."

Foni inadulidwa.

*

Anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Upile anali atakhala pa mpando wachitsulo, diresi lachikasu litakwinyika, maso ali pansi. Pa tebulo panali kabokosi kaja, katang'ambidwa, mfuti ya Chester ili pa pepala lonyezimira pakati pa masipanala. Pasipoti ya Upile inali pansi pa chikhatho cha wapolisi wamkazi wa thupi lodzaza, amene nkhope yake sinkaonetsa chifundo kapena nkhanza.

Chester anayang'ana nambala ya pa mfutiyo navomereza kuti ndi yake. Wapolisiyo analemba, kenaka anatembenukira kwa Tusekele.

"Inu ndinu mchemwali wake? Foni yanu yamuthandiza, koma iye sakudzithandiza. Ndamufunsa kangapo kuti bokosili anamupatsa ndani. Akungoti sangathe kunena. Munthu wopezeka ndi mfuti yobedwa amene sakufuna kutchula womupatsa, ine ndimamutenga kuti ali limodzi naye. Mukundimva?"

"Upile," anatero Tusekele m'Chichewa, "nena."

Upile anadzutsa maso, nayang'ana bambo Nyirongo amene anaima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Anaweramitsanso mutu.

"Sindingathe, asisi. Ali pompano. Ndiwaloze chala?"

Tusekele anatembenukira kwa mkuluyo. "Ankolo, mwamva. Mwanayu akukusungirani ulemu. Msungireni moyo wake."

Bambo Nyirongo anatsegula pakamwa. Anayang'ana unyolo umene unali m'chiuno mwa wapolisi wachiwiri, nayang'ana chitseko, natsekanso pakamwa. Chipewa chinkazungulira m'zala zawo.

"Mukukambirana chiyani?" anafunsa wapolisiyo. "Muno tilankhule chinenero chimene ndikumva. Ndikufunsa komaliza. Ndani anamanga bokosili?"

Tusekele anadziwa zimene zidzanenedwe mawa kutchalitchi: kuti mwana amene anafika ndi kachikwama kamodzi wapereka m'manja mwa apolisi munthu amene anamufunditsa. Anadziwa kuti ena sadzamupatsanso moni, ndipo kuti ana a bambo Nyirongo adzamuda mpaka imfa. Anapinda mawondo pang'ono, monga anaphunzitsidwira.

"Pepani, ankolo," anatero.

Kenaka anaimirira mowongoka, natambasula dzanja lonse, osati chala, nalankhula m'Chingerezi chomveka bwino.

"Awa ndi bambo Dixon Nyirongo. Ndi amene anatenga mfuti pa benchi, ndi amene anaimanga m'bokosi, ndipo anauza mng'ono wanga kuti ndi zitsulo za njinga ya moto. Andiuza okha. Tepi imene anamatira ikadali m'galimoto yawo, makiyi ake ndi awa. Pali mayi wina amene anawaona akumupatsa bokosilo pa geti, ndipo ali wokonzeka kunena."

Wapolisiyo anayang'ana mkuluyo. "Bambo, zimenezi n'zoona?"

Chipewa chinasiya kuzungulira.

"Mwanayo sankadziwa," anatero bambo Nyirongo, mawu ali osasa. "Sankadziwa chilichonse."

Wapolisi wachiwiri anawagwira pa mkono nawatulutsa. Eugene anapatuka pakhomo, maso ali kukhoma. Wamkazi uja analembanso kwa nthawi imene kwa Tusekele inali ngati chaka, kenaka anakweza chikhatho chake nakankhira pasipoti ija kwa Upile.

"Lero simukwera. Mupereka umboni wanu wonse, ndipo mwina tidzakuitananinso. Koma pa pepala langa ndinu mboni."

Upile anagwira pasipotiyo pachifuwa, ndipo apa m'pamene analira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Tusekele anamukumbatira.

"Nanga kumudzi ndiwauza chiyani?" anafunsa Upile pakati pa misozi. "Anthu ayamba kale kusonkhana."

"Uwauze kuti mkwatibwi achedwa," anatero Tusekele. "Koma afika, ndipo adzabwereranso kusukulu."